Kugulitsa nyumba popanda ejenti n'kotheka, koma loya yekha musamulumphe

Funso: Ndili ndi nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe. Ili kumpanda ndipo muli munthu wochita lendi. Ndikufuna kuigulitsa pa K90 miliyoni kuti ndikamange kwathu ku Dedza. Ejenti amene ndinalankhula naye akufuna 5 peresenti. Kubanki kunatsala ngongole ya K12 miliyoni, ndipo chikole chake ndi nyumba yomweyi. Kodi ndingathe kugulitsa ndekha? Nanga ndiyambire pati?

Yankho: Bambo, mungathe ndithu. Palibe lamulo lokakamiza mwini nyumba kudzera kwa ejenti, ndipo 5 peresenti ya K90 miliyoni ndi K4.5 miliyoni, ndalama yoti ikhoza kukankha ntchito yomanga ku Dedzako. Koma pali ntchito ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza, ndipo tiyambe tazilekanitsa. Yoyamba ndi kupeza wogula, kumuonetsa nyumba ndi kunenerera mtengo. Imeneyi ndiye ya ejenti, ndipo mungaigwire nokha ngati muli ndi nthawi ndi foni. Yachiwiri ndi kuchotsa dzina lanu m'kaundula wa boma, kulowetsamo la wogula, kumasula chikole kubanki, kwinaku ndalama zonse zikufika kwa inu. Imeneyi ndi ya loya, kaya pali ejenti kaya palibe. Anthu amene amalira pogulitsa okha nyumba salira chifukwa chosowa wogula. Amalira chifukwa anapereka makiyi kapena kusayina makalata ndalama zisanakwane.

Yambani ndi makalata, penti abwere pambuyo. Malo a m'mizinda yathu ali m'manja osiyanasiyana. Ena ndi a lizi (pangano lobwereka nthaka kwa zaka zoikika) yochokera ku Unduna wa za Malo, kawirikawiri ya zaka 99. Ena ali pansi pa Malawi Housing Corporation, monga nyumba zambiri za ku Area 18 ndi zina za ku Area 49 kwanuko, kapena za ku Nkolokosa ndi Kanjedza ku Blantyre. Ena ndi a khonsolo, monga mapuloti a ku Kawale, Chilinde ndi Zingwangwa, ndipo ena ali ndi kalata ya amfumu yokha. Dziwani kuti nthaka yanu ili pansi pa yani, chifukwa ameneyo ndiye adzapereke chilolezo choti dzina lisinthe. Popeza banki inavomera nyumbayi ngati chikole, mosakayikira malo anu ali m'kaundula, ali ndi nambala yake, ndipo chikalata chenicheni cha lizi chikusungidwa kubankiko.

Tengani nambalayo, mupite ku ofesi ya kaundula wa malo mukalipire kuti akuchitireni search, ndiko kufufuza zomwe zinalembedwa m'kaundula za malowo. Wogula wanzeru adzachita yekha search yake, ndiye kuli bwino inu muyambe kuona zomwe iye akazione. Pepalalo limaonetsa dzina la mwini malo, chaka chomwe lizi inayambira, ngongole yomwe yamangiriridwa pamalopo, komanso ngati wina anaikapo caution, chomwe ndi chiletso choti malowo asasinthe dzina mpaka dandaulo lake litamveka. Zomwe zimatuluka apa zimadabwitsa eni ake. Pena dzina la m'kaundula limasiyana kalembedwe ndi la pachiphaso cha unzika. Pena mumapezeka dzina la munthu amene anakugulitsani kalekale, chifukwa inu munangotenga makiyi osamaliza zosintha. Pena m'bale amene munakanganapo naye anaika chiletso inu osadziwa. Zonsezi zimakonzeka, koma zimadya masabata, ndipo wogula amene wagwira ndalama m'manja sadikira. Amapita pa nyumba ina.

Yang'ananinso mabikoni, zizindikiro za malire a puloti. Ngati pomanga mpanda munalowa mita imodzi mumsewu kapena kwa aneba, saveya wa wogula adzaziona. Chimodzimodzi boyizikota kapena kashopu kakutsogolo komwe munawonjezera popanda pulani yovomerezeka ndi khonsolo. Kenaka sonkhanitsani malisiti a ground rent (lendi ya nthaka yolipira kwa eni nthakayo), a msonkho wa khonsolo wa city rates ndi a madzi. Ngongole ya ground rent kapena city rates ikakhalapo, chilolezo chosinthira dzina sichituluka mpaka italipiridwa, ndiye muidziwe lero kuti muiwerengere pa mtengo wanu.

Za ngongole ya kubanki musade nazo nkhawa, ndipo musakatenge katapila kuti muitseke msanga. Nyumba za chikole zimagulitsidwa tsiku ndi tsiku. Lemberani banki kalata yoidziwitsa kuti mukugulitsa, ndipo ikupatseni kalata yonena ndalama yeniyeni yotsekera ngongoleyo pofika tsiku lakutilakuti. Ndalamayi imakhala yoposa pang'ono yomwe mukuidziwa, popeza chiwongoladzanja chimawerengedwa tsiku lililonse. Wogula akalipira, loya amachotsa gawo la banki n'kulitumiza mwachindunji, banki imasayina chikalata chomasula chikole chotchedwa discharge of charge n'kutulutsa lizi yanu. Muuzeni wogula za ngongoleyi pa ulendo woyamba. Akaimva kwa inu, ndi nkhani wamba. Akaitulukira yekha pa search, amayamba kukayikira china chilichonse chomwe mwanena.

Funso lina lomwe sindingalisiye: kodi amayi kunyumba akudziwa, ndipo avomera? Ngakhale lizi ili m'dzina lanu lokha, mkazi amene anathandizapo kugula kapena kumanga nyumbayo akhoza kupita kukhoti kukatenga chiletso, malonda n'kuima ndalama zitalowa kale. Asayine nawo pa mgwirizano, zithe. Kwa owerenga ena amene nyumba yawo ndi ya malemu, nkhaniyi ndi yolimba kuposa apa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silimalola kuti mwana woyamba kubadwa kapena amalume angogulitsa chifukwa banja lagwirizana pa sadaka. Pafunika kaye makalata a khoti opatsa munthu mphamvu zoyendetsa chumacho, ndipo kugulitsa popanda amenewo kukhoza kukhala mlandu wolanda chuma cha masiye.

Tsopano mtengo. K90 miliyoni mwaitenga kuti? Eni nyumba ambiri amawerengera matumba a simenti omwe anagula, kuwonjezerapo zomwe akufuna kukachita ndi ndalamayo, n'kutchula chiwerengero. Wogula sakugula mavuto omwe munaona pomanga. Akuyerekeza nyumba yanu ndi zina zitatu kapena zinayi zomwe waona sabata yomweyo. Apa ndi pomwe ejenti wabwino amathandiza, ndiye poti mwamusiya, lembani valuer (katswiri woyeza mtengo wa nyumba) wovomerezeka akuyezereni nyumbayo ndi kukupatsani lipoti. Malipiro ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi K4.5 miliyoni ija. Funsaninso m'dera lanulo za nyumba zomwe zinagulidwadi m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, ndi ndalama yomwe inaperekedwa. Mitengo ya pa Facebook ndi yomwe anthu akufuna, si yomwe akulandira.

Lipoti la valuer lili ndi ntchito inanso. Wogula amene akudalira ngongole ya kubanki sasankha yekha mtengo. Banki yake imatumiza woyeza wake, ndipo imabwereketsa gawo chabe la mtengo womwe iyeyo walemba. Akalemba K78 miliyoni pomwe inu mwagwirizana K90 miliyoni, wogula ayenera kupeza kwina ndalama yotsalayo, ndipo malonda ambiri amafera pamenepa patatha miyezi iwiri ya chiyembekezo. Mukadziwiratu pomwe woyeza angaimire, mumadziwanso wogula woti mutaye naye nthawi. Ikani mtengo wosiya mpata wonenerera, mwina K95 miliyoni ngati lipoti likulola, ndipo mugwirizane ndi amayi mtengo wotsikitsitsa womwe simungapitirire. Musaukweze mopitirira. Nyumba ikakhalitsa pamsika anthu amayamba kufunsana kuti kodi ili ndi chiyani.

Pokonza nyumba musawononge zambiri. Matani pomwe malata akudontha, sinthani siling'i yothimbirira, konzani mipope yotaya madzi ndi geti lovuta kutseka, popetsani septic tank ngati yadzaza, lambulani pabwalo, pakani penti yowala. Matailosi atsopano ndi khitchini yamakono sizibweza ndalama yake, chifukwa wogula akhoza kudzaziphwanya kuti aike zakumtima kwake. Ming'alu ikuluikulu, chinyontho cha m'makoma ndi chiswe cha kudenga musazibise ndi penti. Muonetseni wogula, ndipo zilembedwe mu mgwirizano kuti waziona ndipo wagula nyumbayo momwe iliri. Chilema chobisidwa dala chikhoza kukubwezani kukhoti mvula yoyamba ikangogwa.

Wochita lendi amve kwa inu, asamve kwa anthu obwera kudzaona nyumba. Mwinanso iye kapena abwana ake ndiye wogula woyamba. Werengani mgwirizano wanu wa lendi muone notisi yomwe munapangana, ndipo mupatseni polemba. Ngati analipiriratu miyezi itatu monga ambiri amachitira, kapena munasunga dipoziti yake, ndalamazo zidzabwezedwe kapena zipite kwa wogula. Munthu wa lendi amene wakhumudwa amatha kupha malonda ndi mawu awiri okha kwa aliyense wogogoda pageti.

Kulengeza n'kosavuta. Chikwangwani pageti, kachidziwitso mu The Nation kapena The Daily Times, magulu a pa Facebook ndi WhatsApp, anzanu a kuntchito ndi a kumpingo. Jambulani zithunzi m'mawa kukuwala, nyumba itasesedwa. Lembani dera, kukula kwa puloti, zipinda, mtundu wa makalata, zaka zotsala pa lizi, za madzi ndi magetsi, mtengo, ndi mawu oti akugulitsa ndi mwini wake. Gwiritsani ntchito nambala ya foni yapadera. Chithunzi cha lizi kapena cha chiphaso chanu musachiike pa intaneti ngakhale wina atachonderera bwanji. Zikwangwani zija mumaziona m'makoma zoti "malo ano sakugulitsidwa" zinabwera chifukwa cha akamberembere amene amagulitsa nyumba za eni ndi makope a makalata otere. Wogula amene watsimikiza mupatseni nambala ya malo akachite search yake, ndipo kope lililonse lomwe mwatulutsa mulembepo chopingasa kuti ndi longoonetsa.

Konzekerani madobadoba. Tsiku lomwelo lomwe mwalengeza, ena adzatenga zithunzi zanu n'kuziika kwina pa K105 miliyoni. Ena adzafika ndi munthu pageti, ndipo malonda akatheka adzati ndi iwo anakupezerani wogula, muwapatse yawo. Aliyense woimba foni mufunseni poyera ngati akugula yekha kapena akuimira wina. Ngati ndi dobadoba, sankhani pomwepo: mukane kudzera pa uthenga wolemba womwe mungausunge, kapena mugwirizane polemba ndalama yomwe adzalandire, ndi kuti adzailandira pokhapokha wogula wakeyo atamaliza kulipira. Poonetsa nyumba, chitani masana, mukhale ndi munthu wina, ndipo makiyi asachoke m'manja mwanu.

Amene waonetsa chidwi mufunseni zinthu ziwiri musanapite patali. Choyamba, ndalama ili kale m'manja kapena akukatenga ngongole, ndipo ngati ndi ngongole, kalata ya banki yomulonjeza ili kuti? Chachiwiri, kodi ndi nzika ya Malawi? Malamulo a za malo omwe anakonzedwanso mu 2022 anakhwimitsa kwambiri zogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika, ndiye wogula wotere kapena kampani ya eni akunja muyambe mwafunsa loya musanalandire ngakhale tambala.

Pano ndiye pamtima pa nkhani yonse. Pezani loya wanuwanu. Loya wa wogula, kapena wa banki ya wogula, amateteza amene akumulipira. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya omwe ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chimenecho. Onani kuti dzina lake lilipo, ndipo akuuzeni malipiro ake polemba ntchito isanayambe. Iyeyo alembe mgwirizano wa malonda. Kapepala kolemba pamanja kosayinirana pa bonati ya galimoto kamakwana pogulitsa njinga, osati nyumba yomwe ili ndi chikole kubanki.

Mu mgwirizanomo mukhale maina ndi manambala a ziphaso, nambala ya malo monga ilili m'kaundula, mtengo wonse, dipoziti, ndi tsiku lomaliza kulipira yotsala. Dipoziti yozolowereka ndi 10 peresenti, kwa inu K9 miliyoni. Mulembedwe zomwe zidzachitike wogula akalephera kumaliza: kodi dipoziti idzabwezedwa yonse, kapena mudzadulapo zingati? Nanga chilolezo chikakanizidwa popanda wolakwa? Mulembedwe katundu wotsala m'nyumba, monga thanki ya madzi, giza, mapampu ndi masola, chifukwa mikangano yambiri ya tsiku losamuka imakhala ya zinthu zoterezi. Mulembedwe yemwe alipire chiyani. Mwachizolowezi wogulitsa amatseka ngongole za ground rent, city rates ndi madzi mpaka tsiku lopereka nyumba, pomwe wogula amalipira stamp duty (msonkho wa boma wa pa makalata osinthira dzina) ndi zolembetsa dzina lake, koma chizolowezi sichikuthandizani pa mkangano ngati sichinalembedwe. Ndipo mulembedwe momveka kuti makiyi adzaperekedwa ndalama yonse ikalowa.

Ogula ambiri adzakupemphani kuti apereke theka, alowe m'nyumba, yotsalayo azipereka pang'onopang'ono. Langizo langa ndi loti mukane. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera motsatira. K45 miliyoni yomwe mungaidikire chaka chathunthu sidzamanga zomwe ikanamanga lero. Kuwonjezera apo, munthu amene walipira theka n'kulowa m'nyumba simungamutulutse ndi mawu. Mpaka kukhoti, ndipo iye akugona m'nyumba mwanu nthawi yonse ya mlanduwo, lendi osalowa, ngongole ya kubanki ikukula. Ngati mwavomera zolipira m'magawo, nthawi ikhale yaifupi, masiku 60 kapena 90, ndipo nyumba ndi makalata zikhalebe kwa inu.

Wogula nayenso ali ndi mantha ake, ndipo ndi omveka: akakupatsani K90 miliyoni inu n'kusintha maganizo, kapena banki n'kukana kutulutsa lizi, atani? N'chifukwa chake ndalama imadzera ku akaunti yomwe loya amasungirako ndalama za makasitomala. Wogula amaika ndalama kumeneko. Inu mumasayina chikalata chosinthira lizi, koma chimakhala m'manja mwa loya. Loya amalipira banki yanu, amalandira discharge ndi lizi, ndipo zofunika zonse zikakwana amapereka makalata ku mbali ya wogula, inu n'kulandira yotsala. Palibe amene wagwira zonse ziwiri, nyumba ndi ndalama, pa nthawi imodzi. Ngati wogula akulipira ndi ngongole, banki yake imapereka kalata yolonjeza kuti idzatulutsa ndalama dzina likangosintha ndi chikole chake chikalembedwa. Loya wanu aione kalata imeneyi ndi kuivomereza musanasayine kanthu, chifukwa pa njira iyi dzina limasintha ndalama isanafike.

Ndalama ya m'chikwama ikaneni. K90 miliyoni ya ma K5,000 okhaokha ndi mapepala 18,000; simungawawerenge bwino pabalaza, simungazindikire achinyengo, ndipo anthu odziwa kuti mwagona nayo m'nyumba amakhala ambiri kuposa omwe mukuwaganizira. Wogula akakhala ndi kashi, mukakumane kubanki aikidwe mu akaunti. Uthenga wa pafoni woti ndalama yalowa, kapena chithunzi cha silipi ya dipoziti, si umboni. Umboni ndi sitetimenti yomwe banki yakupatsani inuyo. Sungani kope la mgwirizano pafupi, popeza lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limafuna kuti banki ifunse komwe ndalama yochuluka chonchi yachokera.

Dzina lisanasinthe pafunika chilolezo cha eni nthaka, chomwe ambiri amangoti consent, komanso tax clearance ya ku MRA, kalata yotsimikiza kuti za msonkho zili bwino. Ku MRA adzafuna nambala yanu ya msonkho ndi mgwirizano wa malonda. Malamulo a msonkho amasiyanitsa nyumba yomwe mwini wake amakhalamo ndi nyumba yochititsa lendi, ndipo yanuyi ndi ya lendi, choncho yembekezerani mafunso a phindu lomwe mwapeza poigulitsa ndi a lendi yomwe mwakhala mukulandira. Malisiti a zomwe munagulira malo ndi kumangira amathandiza kutsitsa phindu lowerengeredwa msonkho, ndiye afufuzeni. Pitaniko msanga mukadziwe chiwerengero chake musanalonjeze amisiri ku Dedza.

Wogula wina adzakunong'onezani kuti mulembe K60 miliyoni pa makalata kuti stamp duty ichepe, yotsalayo akupatsani pambali. Musalole. Ndi mlandu wozemba msonkho, ndipo amene ali pangozi yaikulu ndi inu: akakana kupereka ya pambaliyo, khoti lidzawerenga zomwe munasayina.

Zonsezi si za sabata imodzi. Kuchokera pa kusayina mgwirizano kufika pa kusintha dzina, werengerani miyezi ingapo, makamaka pakakhala mabanki awiri. Ngati ntchito yanu sikulolani kuyankha mafoni ndi kuyenda m'maofesi, kapena papita miyezi itatu popanda wogula wooneka, ejenti wolembetsedwa amakhala woyenera ndalama yake, ndipo 5 peresentiyo mukhoza kunenerera. Amene ali ku Johannesburg kapena ku UK ndipo akufuna kutuma m'bale, amupatse kalata ya mphamvu zomuimira (power of attorney) yotchula nyumba imodziyo ndi ntchito yake yokha, ndipo ilembe kuti ndalama ipite ku akaunti ya mwini nyumba.

Tsiku lopereka makiyi, yendani limodzi ndi wogula m'nyumba monse. Lembani manambala a pamita ya madzi ndi ya magetsi, musayinirane, ndipo mupatseni makalata opita ku Lilongwe Water Board, ESCOM ndi khonsolo kuti akasinthe maina pa maakaunti. Ngati wochita lendi akutsala, mulembereni kalata yomuuza mwini nyumba watsopano ndi tsiku lomwe ayambe kulipira kwa iyeyo. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, kachiteninso search. Ogula ena akalandira makiyi amazengereza kulembetsa pothawa stamp duty, ndipo dzina lanu likakhalabe m'kaundula, ground rent, city rates ndi milandu ya pamalopo zimabwerabe kwa inu. Mukapeza kuti silinasinthe, loya wanu amulembere wogulayo kalata yomupatsa tsiku lomaliza.